WOGULA NYUMBA AYAMBA KUWERUZA AKALI PA GETI

Malangizo kwa eni nyumba za ku Kamwala ndi makomboni ena a mu Lusaka amene anabwerera kumudzi

Yolembedwa ndi Wofalitsa Nkhani wathu, Lusaka

M'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba ndi Petauke kufikira ku Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi, muli abambo ndi amai amene anagwira nchito zaka zambiri mu mzinda wa Lusaka, ndipo atapuma anabwerera kwao kukagwira khasu. Ambiri a iwo anasiya nyumba m'mbuyo, wina ku Kamwala, wina ku Kabwata, wina ku Matero, Chawama kapena Mtendere. M'nyumba zina muli anthu a lendi, m'zina muli adzukulu, ndipo zina eni ake anamwalira kale, zatsala m'manja mwa amai amasiye ndi ana okhala kutali.

Tsiku lifika pamene banja ligwirizana kuti nyumbayo igulitsidwe, kapena cifukwa ca matenda, kapena sukulu ya ana, kapena kufuna ng'ombe ndi ngolo, kapenanso cifukwa cakuti lendi ivuta kulonjerera munthu uli ku Chipata, pa mtunda wa makilomita oposa 500. Tsiku limenelo ndi lalikulu, pakuti nyumba igulitsidwa kamodzi kokha. Mlimi akaphonya mtengo wa nshawa caka cino adzayesanso caka camawa, koma wophonya mtengo wa nyumba alibe caka camawa.

Anthu ambiri aganiza kuti mtengo wa nyumba umangidwa pamene wogula ndi wogulitsa akhala pansi ndi kuyamba kunenerera. Si tero iai. Mtengo uyamba kumangidwa mumtima mwa wogula pamene iye atsika m'galimoto, naponya maso pa ngalande, pa geti, pa bwalo ndi pa citseko. Zimene aona m'mphindi zocepa zimenezo ndizo zimuuza ngati alowe ndi mtima wofuna kugula, kapena ndi mtima wofunafuna zifukwa zotsitsira mtengo. Sabata ino tifotokoza zimene mwini nyumba angacite, ndi ndalama zocepa, kuti maso oyambawo amukomere.

KUMENE NYUMBAZI ZINACOKERA

Lusaka anakhala likulu la dziko lino m'caka ca 1935, pamene boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone. Kamwala ndi Kabwata ndi ena a makomboni akale kwambiri amene anamangidwira anthu akuda ogwira nchito m'likulu latsopanolo. Nyumba zoyamba zinali zazing'ono, ndipo za ku Kabwata zinali zozungulira, zofoleredwa ndi udzu, monga zija zasungidwa kufikira lero pa mudzi wa zamiyambo m'mbali mwa mseu wa Burma. Masiku amenewo nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchito. Nchito ikatha, nyumba yathanso, munthu amange katundu abwerere kwao.

Ufulu utabwera mu 1964, Khonsolo inapitiriza kumanga nyumba za lendi, ndipo bungwe la National Housing Authority, lokhazikitsidwa mu 1971, linamanganso nyumba zina ndi mafulati. Lamulo la mu 1974 linazindikira makomboni amene anthu anadzimangira okha, monga George ndi Chawama, ndipo eni nyumba kumeneko anayamba kulandira cikalata ca zaka 30 cochedwa Occupancy Licence. Koma kusintha kwakukulu kunadza mu 1996, pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za Khonsolo ndi za Boma zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo. Kalaliki, mesenjala, dalaivala ndi namwino anadzuka m'mawa ali eni nyumba mu likulu la dziko.

Mwai umenewu unadza ndi katundu wake. Kale denga likadontha kapena pompi ikaonongeka, munthu anali kukadandaula ku ofesi ya nyumba ya Khonsolo. Kuyambira 1996 kulibe wokadandaulira, pakuti nchito yonse inagwera mwini nyumba. Papita tsopano zaka pafupifupi 30, ndipo nyumba zambiri zimene eni ake ali kumudzi sizinaone penti kuyambira tsiku limene mwini wake anakwera basi pa Intercity.

CIMANGA COSAPETA

Mlimi aliyense adziwa kuti sapita ku depoti ndi cimanga cosapeta. Kalaliki akatsegula thumba loyamba napeza zitsononkho ndi anankafumbwe, sakhulupiriranso matumba otsalawo ngakhale akhale abwino cotani. Wogula nyumba ali cimodzimodzi. Akaona galasi limodzi losweka ndi pompi yodontha, saona galasi ndi pompi zokha. Aganiza kuti ngati mwini wake walephera kukonza zimene zili poyera, kuli bwanji mapaipi a pansi pa nthaka ndi mawaya a m'denga? Motero pa cilema cimene mukanakonza ndi ndalama ya thumba limodzi la cimanga, iye acotsa pa mtengo ndalama ya ng'ombe yathunthu, kuti adzichinjirize ku zimene maso ake sanazione.

Tikumbukirenso kuti wogula saona nyumba yanu yokha. Tsiku lomwelo aona ina ku Libala, ina ku Chilenje, ina ku Kabwata, ndipo popeza nyumba za Khonsolo zinamangidwa zofanana, cimene ciziyanitsa m'maganizo mwake madzulo ndi kasamalidwe.

Kamwala ali ndi zabwino zimene malo ambiri atsopano alibe. Munthu ayenda wapansi kupita ku Cairo Road, ku masitolo a Kamwala ndi ku msika wa Luburma. Sukulu, kiliniki ndi mabasi zili pafupi, ndipo cipatala cacikulu ca UTH siciri kutali. Zonsezi ndi ndalama. Nchito ya mwini nyumba ndi kuona kuti wogula asaiwale zabwino zimenezi cifukwa ca mulu wa zinyalala pa khomo.

KUYAMBIRA PA MSEU

Mukafika kucokera kumudzi, musathamangire kulowa m'nyumba. Imani tsidya lina la mseu ndi kuyang'ana monga mlendo. Ngati n'kotheka tengani munthu amene sanaionepo, pakuti diso la mwini nyumba linazolowera zilema, liona cabe pamene ana anakulira.

Coyamba ndi ngalande. Cotsanimo mapulasitiki, mabotolo, mcenga ndi udzu kufikira madzi ayende, ndipo ngati kamlatho ka pa geti kanasweka, kaumbeni katsopano ndi simenti. Caciwiri ndi geti. Lisakhale lomangirira ndi waya kapena lokwekweza pansi. Wowocherera zitsulo alikonza m'ola limodzi, ndipo kacitini kamodzi ka penti kalisandutsa latsopano. Lembaninso nambala ya nyumba moonekera bwino, cifukwa wogula amene wazungulira komboni yonse kufunsa njira afika atatopa ndi wokwiya kale.

Cacitatu ndi bwalo. Matayala akale, mbaula zobooka, mabuloko osweka, mabedi a dzimbiri ndi galimoto yakufa imene yakhala pa miyala zaka khumi, zonsezi zicoke. Ogula zitsulo zakutha adzazitenga ndi kukupatsaninso kangacepe. Kwirirani dzala, lipirani otola zinyalala, ndipo musatenthe zinyalala pa tsiku limene alendo abwera. Udzu umwetedwe, bwalo lisesedwe m'mawa uliwonse monga momwe amai asesera kumudzi.

Mitengo ya mango, mapeyala ndi magwafa musaidule, pakuti mthunzi ndi zipatso zikondweretsa wogula. Sadzani nthambi zokha zimene zagona pa denga. Kadimba ka repu ndi cibwabwa kosamalidwa bwino sikaipitsa nyumba, koma cimanga cobzala mpaka pa zenera ciidetsa ndi kubisa khoma. Ngati pa mpanda panatsamira kantemba kamene sikagwiranso nchito, kagwetseni. Nkhuku zilowe m'khola, ndipo galu amangidwe kuseri.

KHOMA LIMODZI, MABANJA AWIRI

Nyumba zambiri za m'makomboni si zoima pazokha. Zina ndi zija za denga limodzi mabanja awiri, khoma pakati. Zina ndi midadada ya zipinda zondandana, ndipo zina ndi mafulati monga a ku Kabwata, kumene masitepe, denga, mapaipi ndi bwalo ndi za anthu onse. Wogula nyumba yotere agulanso mnansi. Mungapake penti mbali yanu mpaka kuwala, koma ngati mbali inayo ili yakuda ndi mwaye ndipo madzi a m'bafa la mnzanu adutsa pa khomo panu, wogula aona nyumba imodzi yodwala.

Pacifukwa ici, munthu woyamba kumuuza za malonda ndi mnansi wanu. Pitani kwa iye mwaulemu monga mupitira kwa mkulu wa m'mudzi, mumufotokozere zimene banja lagwirizana. Ngati mugula penti, gulani yokwanira kumaso kwa nyumba yonse, mbali yanu ndi yake yomwe. Ndalama yowonjezerayo ndi yocepa poyerekeza ndi imene ibwerera, ndipo mnzanuyo adzayamika. Ku mafulati pemphani anzanu kuti mukolope masitepe pamodzi, muikemo babu, ndi kucotsa katundu wounjikidwa m'njira. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga limene mulifunda awiri.

Ngati pali mkangano wakale wa malire, monga mpanda umene unalowa m'poloti ya wina kapena cipinda cimene cinatseka njira ya madzi, uthetseni wogula asanabwere. Dziwaninso kuti Zambia ali ndi lamulo la mu 1994, lochedwa Common Leasehold Schemes Act, limene lilola fulati iliyonse kukhala ndi taitolo yakeyake, pamene malo a onse asamalidwa ndi eni mafulatiwo pamodzi mwa kusonkha ndalama. Wogula wocenjera adzafunsa kuti denga likadontha akonza ndani, ndipo paipi yaikulu ikatsekeka alipira ndani. Khalani ndi yankho loona.

Musaiwale kuti wogula adzabweranso yekha inu mulibe, ndipo adzagogoda pa khomo la mnansi. Mau amene adzamva pamenepo adzalemera kuposa anu onse.

M'KATI MWA NYUMBA

Ngati m'nyumba muli anthu a lendi, auzeni m'kalata nthawi ikalipo, monga mwa pangano lanu, ndipo gwirizanani masiku ndi maola oonetsera nyumba. Munthu amene amva za malonda kwa alendo oima pa khomo pake adzaulula cilema ciliconse, ngakhale cimene kulibe. Koma amene mwamulemekeza, mwinanso kumukhululukira gawo la lendi ya mwezi wotsiriza, adzasesa ndi kutsegula mazenera mwa iye yekha.

Mphuno ilowa m'nyumba maso asanalowe. Pfungo la cinyezi, la kapenta wa dzulo, la mkodzo wa makoswe kapena la cimbudzi limuuza wogula zambiri asanaone cipinda ngakhale cimodzi. Mankhwala onunkhira sathandiza, angomucenjeza kuti pali cobisika. Mankhwala eni eni ndi sopo, madzi, burashi ndi mphepo. Yanikani matilesi pa dzuwa, thirani mankhwala a mphemvu ndi nsikidzi sabata imodzi pasadakhale, ndipo tsekani mauna a makoswe ndi simenti.

Cimbudzi ndi bafa zifuna cisamaliro coposa zipinda zonse. Anthu a mu Lusaka sanaiwale kolera ya mu 2017 ndi 2018, ngakhalenso ya mu 2023 ndi 2024 imene inacititsa kuti bwalo la masewera la National Heroes lisanduke cipatala. Wogula wa lero atsegula citseko ca cimbudzi ndi kukoka madzi ndi dzanja lake. Onani kuti thanki idzaza ndi kuleka, mpando suli wosweka, ndipo kunja palibe dzenje la mapaipi losefukira. Kumene kuli cimbudzi cokumba, cikhale ndi citseko, cotsekera pa dzenje ndi pansi pouma, ndipo ngati cadzaza itanani opopa.

Zipinda za nyumba za Khonsolo ndi zazing'ono, mazenera ake ndi ang'ono. Cipinda codzaza ndi makabati, matumba ndi zikwama cioneka ngati nkhokwe. Tulutsani katundu wosafunika, cotsani makatani olemera ndi mapepala omata pa magalasi, kuti kuwala kulowe. Penti yoyera kapena yofiirira pang'ono ngati mkaka ikulitsa cipinda, pamene yabuluu ndi yobiriwira kwambiri icicepetsa. Kumene ndalama yapereweza, laimu igwira nchito pa mpanda ndi kuseri kwa nyumba. Khoma la m'khichini lakuda ndi utsi wa mbaula litsukidwe kaye lisanapakidwe. Pansi pa simenti tsekani maenje ndi kupaka polishi wofiira.

Yesani citseko ciliconse ndi loko aliyense. Ikani mababu m'zipinda zonse, ndipo gulani mayuniti m'mita kuti wogula ayatse yekha. Mawaya olendewera ndi olumikiza mwacinyengo acotsedwe ndi munthu wodziwa za malaiti.

Za denga tinenepo mau a cenjezo. Nyumba zambiri zakale zinafoleredwa ndi asibesitosi. Musatume mwana kukwerapo kuti akweceze ndi burashi ya waya, ndipo musacekepo ndi sowo, cifukwa fumbi lake liononga mapapo, ndiponso asibesitosi wakale athyoka msanga munthu akapondapo. Podontha paitanidwe mmisiri wodziwa.

KUKONZA SI KUBISA

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zonse tanenazi ndi zoonetsa nyumba monga momwe iliri ikasamalidwa, osati zophimba matenda ake. Pali kusiyana pakati pa kusambitsa ng'ombe ndi kubisa cilonda cake.

Mzinda wa Lusaka uli pa malo a cidikha, pansi pake pali mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Ndiye cifukwa cake mvula ikalimba mu January ndi February madzi aima m'malo monga Kanyama, Misisi, mbali zina za Chawama ndi Kamwala South. Madzi amene analowa m'nyumba asiya mzere pa khoma, ndipo cinyezi cokwera kucokera pansi citukusira penti yatsopano m'miyezi yocepa. Wogulitsa amene apaka penti pa mzerewo mu September, nalumbira kuti madzi safika, anamiza munthu amene mawa adzapita kwa loya. Kawirikawiri bodzalo silifika n'komwe pa tsiku losaina, pakuti amai ogulitsa tomato pa kona adziwa nyumba iliyonse imene imira.

Njira yabwino ndi kukonza gwero la bvuto: kutsegula ngalande, kuthira dothi ndi miyala pa bwalo kuti madzi athawe khoma, kukweza ciundo ca pa khomo, ndi kumanga kakhonde ka simenti kuzungulira maziko. Mukatero muuzeni wogula zimene zinali kucitika ndi zimene mwacita. Munthu amene wamva cilema cimodzi kucokera pakamwa panu akhulupirira zabwino khumi zimene munena pambuyo pake. Ndipo ngati nyumba yanu ikhala youma pa dzinja, musayembekezere cilimwe. Ionetseni mvula ili pakati, pakuti bwalo louma mu February ndi mboni imene palibe angaitsutse. Comweconso ndi madzi a m'pompi: ngati abwera pa maola ake, nenani maolawo.

MAPEPALA NDI NKHOPE YACIWIRI

Wogula akakondwa ndi zimene waona, funso lake loyamba ndi lakuti, mapepala alipo? Mwini nyumba amene ayankha kuti anatsala m'sutukesi ku Katete, kapena kuti ali ndi amalume ku Kitwe, wagwetsa m'mphindi imodzi zonse zimene penti inamanga. Mu Lusaka mwacitika milandu yambiri ya nyumba zogulitsidwa kwa anthu awiri ndi ya mapepala abodza, kotero ogula ali ndi mantha, ndipo mantha atsitsa mtengo.

Musanalengeze malonda, sonkhanitsani izi m'faelo imodzi: taitolo ya ku Unduna wa Malo kapena ya ku Khonsolo, kapena Occupancy Licence, kalata imene munagulira nyumbayo pamodzi ndi malisiti ake, malisiti a msonkho wa nyumba ndi lendi ya malo, bilu yotsiriza ya madzi, citupa canu ca NRC, ndi nambala ya msonkho ya TPIN. Onani kuti dzina la pa taitolo lifanana ndi la pa citupa. Amene analandira cikalata ca zaka 30 kalekale ayang'ane ngati zakazo sizinathe. Amene analipira nyumba mu 1996 koma sanatenge taitolo apite ku Civic Centre pa Independence Avenue kukalondola, ndipo za mataitolo a Boma zifunsidwa ku Mulungushi House pa mseu womwewo.

Ngongole za madzi ndi za Khonsolo zilipiridwe, kapena zidziwike bwino kuti zidzacotsedwe pa mtengo poyera. Ngati munaonjezera zipinda kuseri, pezani pulani yobvomerezedwa ndi Khonsolo, cifukwa wogula amene atenga ngongole ku banki kapena ku Zambia National Building Society adzabwera ndi katswiri woyesa mtengo, ndipo iye adzafunsa. Dziwaninso kuti nyumba isanasinthe dzina pafunika cilolezo ca Komishinala wa Malo kapena ca Khonsolo, ndipo wogulitsa ndiye alipira msonkho wosinthira umwini ku ZRA. Muuwerengere pa mtengo kuti ungadzakudzidzimutseni.

Kopani mapepala onse. Woona nyumba aonetsedwe makope, koma eni eniwo asacoke m'manja mwanu kufikira pamaso pa loya.

NYUMBA YA MASIYE

Palibe cothamangitsa wogula msanga kuposa mkangano wa pa cibale. Alendo ali m'kati kuona zipinda, mlongo wa malemu atulukira pa geti ndi kufuula kuti nyumba ya mbale wake siigulitsidwa. Wogula ameneyo sadzabweranso, ndipo mbiri idzafika komboni yonse dzuwa lisanalowe.

Lamulo la mu 1989 lonena za cuma ca munthu amene wamwalira osasiya wilu liti, nyumba ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapo atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Munthu wosankhidwa kuyang'anira cuma ca masiye sali mwini nyumba, ndipo sangaigulitse popanda cilolezo ca khoti. Cotero nkhani iyambire kumudzi, pa mphasa, onse oyenera alipo. Mukagwirizana, tengani makalata a khoti, musankhe munthu mmodzi wolankhulira banja. Pakamwa pambiri pachula mitengo yambiri, ndipo wogula asankha wotsikitsitsa.

MUSAMANGE NYUMBA YATSOPANO

Ena akamva malangizo otere agulitsa ng'ombe kuti aike matailosi, siling'i ndi makabati a mtengo wapatali. Uku ndi kupitirira muyeso. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti nthaka payokha isagulitsidwe, cogulitsidwa cikhale cimene munthu wamangapo. Lamulo la malo la mu 1995 linasintha zimenezi, ndipo lero gawo lalikulu la mtengo wa nyumba ya ku Kamwala ndi malo pamene yaima. Ena mwa ogula ndi mabanja ofuna pokhala, koma ena ndi amalonda ofuna posungira katundu pafupi ndi masitolo, kapena ofuna kugwetsa ndi kumanga mafulati. Matailosi anu kwa munthu wotere alibe nchito, ndipo ngakhale wofuna kukhalamo angakonde mtundu wina.

Lamulo lake ndi ili: tsukani zonse, konzani zoonongeka, pakani penti, koma musamange. Za mtengo, musadalire cimene munalipira mu 1996, pakuti kuyambira pamenepo zinthu zakwera ndipo mu 2013 Kwacha inacotsedwa maziro atatu. Musadalirenso mphekesera za pa basi. Lipirani katswiri woyesa mtengo wa nyumba wolembedwa m'kaundula. Safunsa anadya phula.

TSIKU LOONETSA NYUMBA

Masiku ano ogula ambiri ayamba kuona nyumba pa cithunzi ca pa foni. Musalole kuti ijambulidwe nchito yokonza isanathe, cifukwa cithunzi coipa cikayamba kuyenda pa WhatsApp ndi Facebook sicibwezeka. Ijambulidwe m'mawa, bwalo litasesedwa, pa cingwe palibe zocapa.

Ngati mufuna ejenti, funani wolembedwa ku Zambia Institute of Estate Agents monga lifunira lamulo la mu 2000, ndipo malipiro ake alembedwe pa pepala. Maejenti asanu oima pa kona, aliyense ndi mtengo wake, aonetsa ngati nyumba ili ndi mlandu kapena mwini wake wapanikizika.

Pa tsikulo fikani msanga, mubvale bwino, mulandire alendo monga mulandirira alendo kumudzi. Pasakhale khamu la acibale pa khonde, wailesi izimidwe, ndipo wolankhulira banja asanunkhe mowa. Aloleni ayende okha, atsegule pompi, ayang'ane kuseri. Yankhani zimene afunsa. Musawauze za matenda kapena ngongole zimene zakucititsani kugulitsa, pakuti wogula akamva kuti muli pa cangu adikira kuti mugwe. Ndalama idzere ku banki, pangano lilembedwe ndi loya, ndipo makiyi aperekedwe ndalama yonse italowa.

Abambo ndi amai, nyumba imene munasiya ku Kamwala ndi thukuta la zaka zonse zimene munadzuka m'mamawa kupita ku nchito. Musaitume kwa wogula ili yosasamba. Patulani masabata awiri kapena atatu mukatha kukolola, mukwere basi, mukaime tsidya lina la mseu ndi kuiyang'ana bwino. Tsache, sopo, penti, mnansi wokondwa ndi faelo ya mapepala okwanira sizidya ndalama zambiri, koma ndizo zidzanena ngati mubwerera kumudzi ndi mtengo wa nyumba kapena ndi mtengo wa bwinja.